Agogo Amodzi

Mwana wa mlongo wanga anabadwira ku Johannesburg, nakulira pakati pa zilankhulo zitatu: Chichewa cha m'nyumba, Chizulu cha anzake osewera nawo, ndi Chingerezi cha kusukulu. Pamene anabwera kwathu ku Dedza atayamba kuzindikira zinthu, anapeza amayi anga atapita kudimba. Dzuwa litapendeka, wina anasuzumira kunjira nati, "Agogo akubwera, tulutsani mpando." Mwanayo anathamangira m'nyumba natulutsa mpando, nabwerera kukanyamula wina, kenaka anaima pakhomo mpando uli m'manja n'kundifunsa kuti, "Amalume, akubwera angati?" Ndinayankha msangamsanga kuti, "Amodzi." Amayi anatulukira kuseri kwa nkhokwe ali okha, khasu paphewa, mtolo wa mpiru pamutu, ndipo mwanayo ankayang'anabe kumbuyo kwawo kudikira otsalawo. Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine yankho langa lija linandikhala m'khutu. Amodzi. Ndinatenga mawu osonyeza kuti chinthu chilibe chinzake, n'kuwayamba ndi chizindikiro cha unyinji, ndipo lilime langa silinapunthwe. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikunena kuti amayi abwera, abambo agona, agogo adwala, munthu mmodzi kumunena ngati khamu, ndipo panafunika mwana wochokera kutali kuti ndizimve ndi khutu latsopano.

Mwanayo sanalakwe. Khutu lake linaleredwa ndi Chizulu, ndipo kumeneko gogo mmodzi ndi ugogo, akachuluka ndi ogogo. "A" wathu uja anamumva monga momwe akanamvera "o" wa kwawoko. Mswahili naye akamanena za mayi ake amangoti mama amekuja, mneni wake ndi wa munthu mmodzi, ndipo palibe amene amamuyesa wamwano. Mshona ndiye amati baba vauya, Mbemba amati batata ndi bamayo, kuchulukitsa munthu mmodzi monga timachitira ife. Zonsezi ndi zilankhulo zapachibale. Wilhelm Bleek, katswiri wa ku Germany amene ankakhala ku Cape Town, pofuna dzina loitanira banja lonseli m'buku lake la 1862, anasankha mawu ochulukitsa: Bantu. Ndi abantu a Azulu, watu a Aswahili, vanhu a Ashona, ŵandu a Ayao, ŵanthu a Atumbuka, anthu athu omwewa. Zilankhulo mazanamazana, kuyambira ku Cameroon kufika ku South Africa, zimadziwika ndi mmene zimachulukitsira munthu. Komatu ngakhale pachibale pathu sitinamvane kuti kuchulukitsako tizichita nako chiyani. Ena anakusungira kuwerenga kokha. Ife tinakutenga n'kumapembedzera akuluakulu.

Kusukulu tinkaloweza magulu a mayina mokweza mawu, aphunzitsi akugogoda choko pabolodi: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, Ka-Ti, U-Ma. Mwana, ana. Mudzi, midzi. Dzira, mazira. Chitseko, zitseko. Kamwana, tiana. Uta, mauta. Tinkaloweza kuti tikhoze mayeso, ndipo kudabwitsa kwake kunabwera pambuyo, nditayamba kumvetsera mmene ena amachitira. Chingerezi chimapachika "s" kumapeto kwa dzina, ndipo mawu ambiri otsalawo sakhudzidwa. Ife chizindikiro timachiika kumayambiriro, ndipo sichikhala pamalo amodzi. Chipewa changa chatsopano chija chatayika. Zipewa zanga zatsopano zija zatayika. Liwu lililonse lalandira kwa linzake n'kupatsira lotsatira, monga anthu a pamzere opatsirana njerwa pomanga uvuni. Dzina likakana kusintha, mneni amaulula: mbuzi yathawa, mbuzi zathawa, nyumba yagwa, nyumba zagwa. Ndimakonda kumvetsera gulu la Li-Ma, mmene chinthu chimodzi chimalimbira m'kamwa koma chikachuluka n'kufewa: khasu, makasu; phiri, mapiri; thumba, matumba; tsamba, masamba; duwa, maluwa. Akatswiri amati kalekale mayina amenewa ankayamba ndi kachidutswa kena kamene kanafufutika m'kamwa mwa makolo, n'kusiya kulimba kokhako. Kachidutswako sikanatheretu, timakamvabe tikamati khasu lathyoka, phiri lili patali. Ndiye kuti amene akunena makasu akutchula tsinde la mawuwo monga linalili kale, ndipo amene akunena khasu akutchula tsinde lomwelo litapsinjidwa ndi zaka.

Munthu woleredwa chotere sangatsegule pakamwa osaulula kuchuluka. Ndikaona mbalame kutali, osadziwa bwino ngati ndi imodzi kapena ziwiri, chilankhulo changa sichindilola kudikira: ndinene kuti yauluka kapena zauluka. N'chifukwa chake Chitchaina ndi Chijapani zimandiimitsa mutu. Mu Chitchaina shu ndi buku, ndi mabuku omwe. Mu Chijapani hon chimodzimodzi. Akafuna kuwerenga amalowetsa liwu lina pakati, losonyeza mtundu wa chinthucho. Mtchaina amati san ben shu, mabuku atatu, ben ali liwu lowerengera mabuku. Mjapani ali ndi mai wowerengera zinthu zaphanthiphanthi monga mapepala, ndi hiki wowerengera tinyama monga amphaka ndi nsomba. Munthu angafulumire kunena kuti zilankhulo zimenezi zili ndi chosowa. Koma aime kaye pamsika wa Lizulu amvetsere. Chimanga chodzaza nkhokwe timachinena ngati chimodzi: chimanga chauma, chimanga chakwera mtengo. Mpunga, ufa, mchere, udzu, tsitsi, zonsezi kawirikawiri sitizichulukitsa, ndipo tikafuna kuziwerenga timaitana thumba, ndowa, chitini, mulu, mtolo. Pamsika tonse ndife Atchaina. Kwinaku madzi, mafuta, magazi ndi malovu timazinena ngati zambiri ngakhale palibe amene anawerengapo dzi limodzi, ndipo Aheberi anachita zomwezo, madzi awo ndi mayim, mawu a maonekedwe ochulukitsa. Ku Indonesia amangobwereza dzina: orang ndi munthu, orang-orang ndi anthu, buku-buku ndi mabuku, koma akatchula nambala sabwerezanso, amangoti dua orang. Ku Turkey nyumba ndi ev, zambiri ndi evler, koma ziwiri ndi iki ev basi. Kwa iwo nambala yanena kale, kubwereza n'kutaya mpweya. Ife timati nyumba ziwiri zazikulu zija zagwa, kunena chinthu chimodzi kasanu, ndipo sitiona kuti tatopa.

Ana a ku madrasa ku Mangochi ndi ku Machinga amakumana ndi njira ina kotheratu. Mu Chiarabu buku ndi kitab, mabuku ndi kutub. Sanawonjeze kanthu kutsogolo kapena kumbuyo. Malembo opanda liwu, k, t ndi b, akhala pamalo awo, ndipo malembo a liwu ndi amene asintha m'kati. Mnyamata ndi walad, anyamata ndi awlad; mwamuna ndi rajul, amuna ndi rijal. Aphunzitsi a Chiarabu amakutcha kuchulukitsa koswa, chifukwa liwulo limasweka kaye kuti limangidwenso, ndipo wophunzira amayenera kuloweza limodzilimodzi. Powerenga, kuyambira 3 mpaka 10 dzina limachuluka, koma pa 11 limabwerera ku chimodzi. Aswahili atamva kitab kwa amalonda a m'nyanja, makutu awo anamva "ki" wa gulu lomwe ife timati Chi-Zi, nati kitabu, vitabu. Ifenso mawu achizungu otchulira nyumba ya odwala tinawakhotetsa mpaka analowa m'gulu lomwelo: chipatala, zipatala. Mawu amabwera ndi mlendo, koma ochulukitsa ndi eni mudzi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri m'Chiarabu ndi chakuti pakati pa kitab ndi kutub pali kitaban, mabuku awiri. Ziwiri zili ndi malo akeake. Chigiriki chakale chinali nawo malo amenewa, ndipo ku Slovenia, dziko la anthu opitirira pang'ono 2 miliyoni, akadali nawo mpaka lero: midva ndi "ife awiri", mawu osiyana ndi "ife" wa gulu. Ku Papua New Guinea, mu Tok Pisin, yumitupela ndi ine ndi iwe, mitupela ndi ine ndi wina iwe ulibemo, yumi ndi tonse pamodzi ndi iwe, mipela ndi ife popanda iwe. Joseph Greenberg anaona mu 1963 kuti zinthuzi zimatsata dongosolo: palibe chilankhulo chokhala ndi mawu apadera a zitatu chopanda a ziwiri, ndipo palibe chokhala ndi a ziwiri chopanda a zambiri. Ndimaganizira kawirikawiri za anthu amene anaona kuti awiri si khamu. Mwamuna ndi mkazi okalamba amene ana awo onse anapita m'tauni, akamanena kuti tadya, tagona, tadwala, sakunena zofanana ndi zimene mudzi umanena ukamati tadya. Chichewa chathu chimawaphatikiza onse mu "ti" mmodzi. Ndipo mlendo akamva eni nyumba akuti mawa tikupha mbuzi, sadziwa ngati ali m'gulumo kapena ayi mpaka atayang'ana nkhope zawo. Apa chilankhulo chathu, chimene chimasamala kwambiri za chimodzi ndi zambiri, chimangokhala chete.

Ku Wales zinthu zina zimayambira ku zambiri. Plant ndi ana, ndipo ukafuna mwana mmodzi ndiye umawonjezera, plentyn. Coed ndi mitengo, umodzi ndi coeden. Adar ndi mbalame zambiri, imodzi ndi aderyn. Gulu ndilo limabwera poyamba, lalifupi ndi losavuta kutchula, ndipo chimodzi ndicho chimafuna ntchito yochipatula. Nditamva izi ndinakumbukira mawu athu amene amakhala bwino akachuluka okha. Makolo timawatchula tsiku ndi tsiku, koma kholo limodzi limamveka ngati mawu a pa fomu ya kuofesi, ndipo likatchulidwa kawirikawiri pali chisoni kumbuyo kwake. Mapasa chimodzimodzi. Manda ndi maliro ndiye sitiwapezera n'komwe chimodzi. Munthu mmodzi akamwalira timati kwagwa maliro, maliro ake ali mawa, manda ake ali kuseri kwa phiri. Imfa ndi imodzi, timati imfa yake. Koma zonse zimene otsala amachita nayo zimachuluka.

Amayi atatisiya ndinazimva izi ndi thupi langa lonse. Kuchipatala amene ankalemba mapepala ankati mtembo wakonzeka, mtembo waikidwa m'galimoto. Sankanyoza, ndi mmene ntchito yawo imalankhulira. Komabe ndinamva kuti munthu amene dzulo lake anali m'gulu la anthu wasamutsidwira m'gulu la mitengo ndi miyala: mtembo, mitembo, wafika, uli apa. Tinayenda mseu wonse mawu amenewo akundilemera. Galimoto itakhota polowera kumudzi, amayi a Chigwirizano anali ataima kale m'mbali mwa njira, ndipo mmodzi wa iwo anafuula, "Amayi afika!" Usiku wonse palibe amene anatchulanso mawu a kuchipatala aja. Ankati awasambitsa, agona m'chipinda, mubwere mudzawaone nkhope. M'mawa adzukulu anatumiza uthenga kuti nyumba yawo yatha. Mudzi unawabwezera amayi m'gulu lawo, n'kuwasunga momwemo kufikira dothi lomaliza. Ndikudziwa kuti pambuyo pake chilankhulo chimawatenganso, pakuti mzimu ndi mizimu zili m'gulu lomwe lija la mitengo. Koma mpaka lero m'banja mwathu timati amayi ankanena, amayi sakanalola, ndipo "a" ameneyo sanakwiriridwe. Ngakhale popemphera timachita zofanana. Timati Mulungu ndi mmodzi, ndipo tikachulukitsa dzinalo kuti milungu ndiye kuti tikunena yabodza. Komabe tikagwada timati Inu Ambuye. Aheberi nawo Elohim wawo ndi mawu ochulukitsa, pamene mneni wotsatira ndi wa mmodzi.

Ndikanakonda kunena kuti zimenezi ndi zathu zokha, kuti ndi umunthu wathu umene unaona kuti munthu wamkulu sayenda yekha, wasenza amene anamubala ndi amene anawabala. Mwina muli choonadi pang'ono m'menemo. Koma Mfalansa amati vous kwa munthu mmodzi womulemekeza, wa ku Russia amati vy, wa ku Turkey amati siz, onsewa ndi mawu a ambiri. Zikuoneka kuti anthu m'madera osiyanasiyana anapeza okha kuti kuloza munthu wamkulu ndi liwu la mmodzi kuli ngati kumuyang'ana m'maso mosaphethira. Pamene timasiyana ndi apa: awo amachulukitsa munthu akamalankhula naye, ife timamuchulukitsa ngakhale palibepo, ndipo timachulukitsa dzina lake lenilenilo. A Phiri apita ku Lilongwe. Achimwene sanadye. Ulemuwo umaperekedwa kumbali, mwini wake osamva. Ndipo popeza tinawonongera kuchulukitsa kwathu pa ulemu, tinasowa chonenera akuluakulu akachulukadi, ndiye tinapanga kwina pamwamba pake: azigogo, azimayi, azibambo, azimalume, azilamu. Ashona anachita chimodzimodzi ndi madzimai awo. Kwina tinabwereka "ma": amfumu ndi amodzi, mafumu ndi ambiri, adokotala akubwera ndi munthu mmodzi, madokotala akubwera ndi gulu, abwana ndi mabwana chimodzimodzi. Palibe komiti imene inakhala pansi kukonza zimenezi. Pakamwa pa anthu wamba panaona mpata, n'kuutseka.

Chingerezi chinayendanso njira imeneyi, koma chinapitirira. Kale chinali ndi thou wa munthu mmodzi ndi you wa ambiri. Potsanzira Afalansa, anayamba kunena you kwa olemekezeka, kenaka kwa aliyense wosafuna kumukhumudwitsa, mpaka thou anatsala wa ana, antchito ndi amene ukufuna kuwanyoza. M'zaka za m'ma 1600 a mpingo wa Quaker anakana zimenezi. George Fox ndi anzake ankati pamaso pa Mulungu munthu mmodzi ndi mmodzi, kaya ndi woweruza kaya ndi mlimi, ndipo mu 1660 anatulutsa buku lathunthu lophunzitsa kusiyana kwa chimodzi ndi zambiri, potenga zitsanzo m'zilankhulo zosiyanasiyana. Ankanyozedwa, ena kumenyedwa kumene, chifukwa chonena thou kwa akuluakulu. Sanapambane. Thou anazimirira m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, you natenga malo onse, ndipo popeza tsopano aliyense anali you, ulemu umene unali m'menemo unasungunuka. Lero olankhula Chingerezi akupanganso "azi" wawo: kumwera kwa United States amati y'all, ku Ireland ndi ku Scotland ena amati yous. Ku Sweden anatenga njira ya Fox patapita zaka mazana atatu. Mu 1967 Bror Rexed, mkulu wa bungwe la boma loona zaumoyo, anauza antchito ake kuti aliyense azimunena du, liwu la mmodzi, ndipo m'zaka zochepa dziko lonse linasiya maudindo ndi mawu aulemu akale. Mitundu iwiriyi inafika pofanana kudzera m'njira zosiyana: Angerezi anakweza onse, a ku Sweden anatsitsa onse. Ife tikadali ndi iwe ndi inu, munthu ndi amunthu ake, ndipo tsiku lililonse timasankha.

Kusankhako ndiko kumene kumandivuta. Fox ankaona chinthu chenicheni: kuchulukitsa kwa ulemu kumagawa anthu. Ndaimapo pamzere m'maofesi athu n'kumva mlembi wachinyamata akuuza nkhalamba yopanda nsapato kuti, "Iwe, dikira panja," kenaka n'kutembenukira mnyamata wa tayi nati, "Inu bwana, lowani." Galamala yathu ili ndi zida zambiri zochepetsera munthu. Tikamuchotsa m'gulu la Mu-A timamuika m'gulu la zinthu: chitsiru, zitsiru, chidakwa, zidakwa, chigawenga, zigawenga. Tikafuna kumupeputsa timati kamunthu, tianthu. Tikafuna kumuipitsa timati chimunthu. Ndipo ndimadzifunsa ngati "inu" sanandiikire mpanda pakati pa ine ndi amayi, amene sindinawanenepo "iwe" moyo wanga wonse, pamene mwana wa Mswahili amanena ndi mayi ake m'liwu lomwe amanenera ndi bwenzi lake. Koma ndikakumbukira mmene amayi ankanyamulira mdzukulu wawo wakhanda n'kumati, "Abambo adzuka? Amuna anga alira chifukwa chiyani?" ndimaona kuti mpandawo panalibe. M'kamwa mwawo "a" anali chikondi, ndipo ankamupereka kwa kamwana kosadziwa n'komwe kulankhula. Liwu lomwelo limene mlembi uja anamana nkhalamba, amayi ankalipereka kwa khanda. Choncho vuto silili m'liwulo.

Ena amadandaula kuti Chichewa chikutha chifukwa achinyamata a m'tauni amati ma guys, ma students, kusanjikiza "ma" wathu ndi "s" wa Chingerezi pa liwu limodzi. Ine pamenepo mtima suthamanga. Kusanjikiza kotere n'kwakale m'zilankhulo: children wa Chingerezi ali ndi zochulukitsa ziwiri, "r" wakale ndi "en" amene anawonjezedwa pambuyo, ndipo azimayi wathu naye ali ndi ziwiri. Mu 1958 Jean Berko anaonetsa ana aang'ono a ku America chithunzi cha kanyama kongopeka kamene anakatcha wug, kenaka anawaonetsa tiwiri, ndipo ana ambiri anati wugs, mawu amene sanawamvepo kwa munthu aliyense. Anasonyeza kuti mwana saloweza mawu okha, amatola lamulo n'kumaligwiritsa ntchito pa zachilendo. Mwana wa ku Mchinji mutamuonetsa chinthu n'kuchitcha chibwanto, mukamupatsa chachiwiri adzati zibwanto, osafunsa. Lamulo lomwelo ndilo linameza mafoni, makompyuta, mabanki, magalimoto ndi masukulu. Mnyamata amene akuti ma guys abwera wasonyeza kuti kwa iye "s" yekha sakwanira, chinthu sichinachuluke mpaka "ma" atafika, ndipo mneni wake akadali wa Chichewa. Magulu a mayina ali moyo, ndipo adzaona zidzukulu zathu.

Nkhawa yanga ili pa "a", ndipo si yakuti adzazimirira. Ndi yakuti akusintha mbuye. Mwambo umene tinaupeza unkapereka "a" chifukwa cha msinkhu, ukwati, kubereka ndi imvi. Unali ndi zolakwa zake, koma unali ndi chilungamo chimodzi chachikulu: aliyense amene Mulungu wamusunga amafikapo. Mwana amene lero akumuti iwe, mawa akakwatira apongozi ake adzamuti inu, ndipo akakalamba mudzi wonse udzamuti agogo, kaya ali ndi ng'ombe kaya alibe ndi nkhuku yomwe. Lamulo limene likulowa m'malo mwake limapereka "a" chifukwa cha galimoto, ofesi ndi ndalama, ndipo pamenepo anthu ambiri sadzafikapo ngakhale atakhala zaka 90. Zilankhulo zina zinasankha kuwerenga ziwiri padera, zina zinasankha kusawerenga n'komwe, ndipo palibe chimene chinaluza. Ife tinasankha kuti munthu akakula asamanenedwe ngati mmodzi, ndipo chisankho chimenecho chimakhala ndi phindu pokhapokha chikafika kwa onse. Alonda a imvi amene amatsegula geti m'mawa, amayi amene atsika phiri ndi thumba la makala pamutu, abambo amene amakankha njinga ya nkhuni kuchokera kumudzi kukafika m'tauni, onsewa "a" wawo anamugwirira kale ntchito. Tikawanena kuti abwera, akhala pansi, atopa, sitikuwapatsa mphatso. Tikubweza ngongole.